Mbawala Yopanda Nyanga

Amene anafikapo ku Ruarwe, kumpoto kwa Usisya, akudziwa kuti mapiri a kumeneko amatsetsereka mpaka kukamwa madzi m'nyanja. Anthu ake amadalira usipa ndi kondowole, komabe kale m'mapirimo munkadzaza mbawala, agwape ndi nguluwe. Agogo anga aamuna, omwe ankasaka ndi agalu ndi mkondo, anali ndi lamulo lawo: mbawala yopanda nyanga siilasidwa. Nyanga zimamera pa mbawala yamphongo yokha, choncho yopanda nyanga ndi yaikazi kapena kamwana. Yaikazi imakhala ndi bere pafupifupi miyezi 6 n'kuswa mwana mmodzi. Kwa agogo, kuipha kunali ngati kukazinga mbewu yodzala.

Ndili mwana ndinkayesa kuti lamuloli ndi la dziko lonse lapansi. Mbiri ya maiko ena inandionetsa mbali ina.

Mu 1906, Pulezidenti Theodore Roosevelt wa ku America anateteza nkhalango ya Kaibab ku Arizona, komwe kunali nyama zonga mbawala zotchedwa deer. Kuzisaka kunaletsedwa, ndipo zilombo zomwe zinkazidya zinaphedwa. Nyamazo zinaswana mpaka kumaliza msipu ndi mphukira za mitengo, ndipo m'zaka za m'ma 1920 zambiri zinafa ndi njala. Katswiri wa zachilengedwe Aldo Leopold anatolapo phunziro lakuti gulu la nyama likachulukitsa, kupha zamphongo zokha sikuthandiza, pakuti yamphongo imodzi imakwera zazikazi zambiri. Mu 1943 boma la Wisconsin linalola alenje kuwombera zopanda nyanga. Alenje ambiri anakwiya kwambiri ndipo anamunyoza Leopold. Maganizo awo anali omwe aja a agogo anga: ukapha make, wapha gulu.

Kuno kwathu zofananazo zinaonekera ku Lengwe m'boma la Chikwawa. Malowa anapatulidwa mu 1928 pofuna kuteteza nyala, yomwe anthu a kuchigwa amati boo, ndipo anasanduka paki mu 1970. Boo atachuluka kuposa chakudya chake, m'zaka za m'ma 1980 alonda a boma anayamba kuchepetsako nyamazi mwadala.

Kodi ndiye kuti agogo ankalakwitsa? Ayi. Iwo ndi Leopold ankayang'ana chinthu chimodzi: kukula kwa gulu kuli pa zazikazi. Pamene nyama zachuluka kuposa msipu, zazikazi zimachepetsedwa. Pamene zatsala zochepa, zazikazi zimasungidwa. Chofunika n'kuyamba wawerenga.

Ku Ruarwe vuto lathu si la ku Kaibab. Minda yakwera m'mapiri, moto umalusa chilimwe chilichonse, ndipo mkondo unalowedwa m'malo ndi msampha wa waya. Waya alibe maso. Amakola yanyanga, yabere ndi kamwana komwe. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017, lilipo, koma mudzi wofikako pa boti kapena wapansi suona mlonda kawirikawiri.

Asodzi akumvetsa chifukwa chimene chambo chimapatsidwira nthawi yoswana. Mafumu athu atakhala pansi n'kuletsa waya m'mapiri mwawo, adzakhala atabwezeretsa nzeru yomwe alenje akale anali nayo kale, ndipo adzukulu athu sadzaidziwira mbawala pa chithunzi chokha.