Makina Oona Pansi pa Nthaka ndi Malire a ku Chanida

Msewu wochoka ku Katete kupita ku chipata cha Chanida umadutsa ku Mlolo, m'boma la Chadiza, ndipo ukangowoloka malire wafika ku Cassacatiza, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi: amakwatirana, amaikana maliro, amagulitsana chimanga ndi mbuzi. Koma kuyambira 1968, pamene FRELIMO inayambitsa nkhondo yake ku Tete, kufikira pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, nthaka ya kutsidyako inalandira zinthu zimene mlimi sanabzale. Apwitikizi anakwirira mabomba kuzungulira damu la Cahora Bassa, asilikali a Ian Smith anakwirira awo m'malire a Rhodesia (Zimbabwe wa lero), kenako RENAMO ndi asilikali a boma anawonjezera awo m'misewu ndi m'njira za kumadzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za RENAMO zinkawolokera m'midzi ya Chadiza, Katete ndi Petauke, ndipo othawa nkhondo anakasungidwa ku Ukwimi. Nkhondo itatha mfuti zinasonkhanitsidwa, koma ambiri mwa amene anatchera mabomba sanalembe paliponse pamene anawaika. Panafunika chida choona chimene diso silingaone.

Chidacho chinayambira kutali, ndipo poyamba sichinali cha nkhondo. Mu 1831 Michael Faraday anaonetsa kuti mphamvu ya maginito ikamasinthasintha pafupi ndi chitsulo, m'chitsulomo mumayamba kuyenda magetsi. Pamenepa ndiye pagona nzeru yonse ya makina ofufuzira zitsulo. Waya wokulungakulunga amatumiza mphamvu ya maginito pansi, chitsulo chokwiririka chimayankha ndi kamphamvu kake, ndipo waya wachiwiri amamva yankholo n'kulisandutsa kulira m'khutu la wofufuzayo.

Mmodzi mwa oyamba kuyesa nzeruyi pamaso pa dziko anali Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni. Pulezidenti wa America James Garfield atawomberedwa pa 2 Julaye 1881, madokotala analephera kupeza chipolopolo m'thupi mwake. Bell anabwera ndi makina ake, koma makinawo ankangolira mosokonekera. Wodwalayo anagona pa bedi lokhala ndi mawaya achitsulo pansi pa matiresi, komanso dokotala wamkulu anangolola kuti afufuze mbali ya kumanja, pomwe chipolopolo chinali kumanzere. Garfield anamwalira mu Seputembala chaka chomwecho. Vuto limene Bell anakumana nalo tsiku limenelo silinathe mpaka lero: makina amayankha chitsulo chilichonse, sasankha chimene ukufuna.

Chida chonyamula m'manja chimene asilikali ochotsa mabomba anayamba kudalira chinapangidwa ndi msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, ali ku Scotland mu 1941. Chaka chotsatira makina 500 a mtunduwo anatumizidwa ku El Alamein, m'chipululu cha Egypt, kukatsegula njira m'minda ya mabomba ya asilikali a Rommel, mkulu wa nkhondo wa ku Germany. Kosacki sanagulitse nzeru yakeyo, anangoipereka. Mchenga wa m'chipululu unali wabwino kwa makinawo, ndipo mabomba ambiri a nthawiyo anali m'zikopa zachitsulo. Koma opanga zida sanagone. Anayamba kupanga mabomba a matabwa, kenako a pulasitiki, okhala ndi kachitsulo kakang'ono chabe m'kati. Bomba la R2M2 la ku South Africa, limene ladzaza malire a Zimbabwe ndi Mozambique, ndi la mtundu umenewu. Kuti makina amve kachitsulo kochepa chotero amayenera kukhala akuthwa khutu kwambiri, ndipo akatero amaliranso pa msomali uliwonse, chitsekerero cha botolo ndi chidutswa cha khasu lothyoka.

Nzeru yachiwiri, ya radar, inakula payokha. Mu 1910 Gotthelf Leimbach ndi Heinrich Löwy analembetsa ku Germany njira yopezera zinthu zokwiririka pogwiritsa ntchito mafunde a wayilesi, ndipo mu 1929 W. Stern anayeza nayo kuya kwa madzi oundana m'mapiri a ku Austria. Kenako nkhaniyo inakhala ngati yaiwalika kwa zaka zambiri. Inadzuka mwamphamvu m'ma 1970: chombo cha Apollo 17 chinafufuza nayo pansi pa nthaka ya mwezi mu 1972, ndipo kampani ya GSSI ya ku America inayamba kugulitsa makina okoka pansi ofufuzira mapaipi, mawaya ndi manda akale. Radar imagwira ntchito monga mawu a munthu wofuula kuphiri amabwerera kwa mwini wake. Imatumiza funde pansi, ndipo fundelo likakumana ndi chinthu chosiyana ndi dothi lochizungulira, gawo lake limabwerera. Nthawi imene latenga kuti libwerere ndiyo imauza kuya kwa chinthucho. Ubwino wake ndi wakuti silifuna chitsulo, pulasitiki nayenso amabweza funde.

Apa ndi pamene dothi lakwathu limalowerera nkhaniyi, ndipo ine ndimaona kuti olemba mbiri ya makinawa amalipeputsa. Katondo, dothi lofiira lija la m'minda ya kumtunda, ndi lofiira chifukwa muli chitsulo. Makina ofufuzira zitsulo akafika pamalo ena a katondo amalira popanda kanthu, mpaka wofufuza ayambe wawachuna kuti azolowere dothilo, ndipo kuchunako kumawachepetsa mphamvu. Makande a kudambo ali ndi lawo vuto: dongo lonyowa limameza mafunde a radar asanafike patali. Mizu ya mitengo, miyala ndi mauna a mbewa nazonso zimabweza funde ngati bomba. Ndiye makina amene anachita bwino mumchenga wouma wa kumene anayesedwa amatha kudzasanduka ndodo wamba nyengo ya dzinja kuno.

N'chifukwa chake ntchito yeniyeni inakhalabe ya mawondo. Wochotsa mabomba amavala chotchinga nkhope ndi chovala cholimba pachifuwa, n'kugwada m'kanjira ka mita imodzi m'lifupi. Amayamba wadula udzu, n'kuyendetsa makina pamwamba pa dothi. Akalira, amafukula pang'onopang'ono kuchokera cham'mbali, osati pamwamba. Pa bomba limodzi lenileni amatha kufukula zidutswa zachabe mazanamazana. Pofuna kuchepetsa ntchito yopanda pakeyi, zaka za m'ma 2000 akatswiri anaphatikiza nzeru ziwiri zija m'chida chimodzi, monga HSTAMIDS ya ku America, Minehound ya kampani ya Vallon ndi ALIS ya ku yunivesite ya Tohoku ku Japan. Chofufuzira chitsulo chikalira, radar imaona ngati kachitsuloko kazunguliridwa ndi chinthu cha msinkhu wa bomba kapena ndi msomali wokha.

Choseketsa n'chakuti pa nthawi yomweyo wothandiza wina anachokera kuthengo. Bungwe la APOPO, lomwe linayamba mu 1997 n'kukhazikika ku Morogoro ku Tanzania, linaphunzitsa abwampini kununkhiza wonga wa m'bomba. Bwampini salabada misomali, ndipo ndi wopepuka moti saphulitsa bomba akaliponda. Nyama imene anyamata akwathu amaikumba kuti ikhale ndiwo inagwira ntchito m'zigawo zingapo za Mozambique, kuphatikizapo Tete.

Pangano la ku Ottawa loletsa mabombawa linasainidwa mu 1997, ndipo msonkhano woyamba wa mayiko olivomereza unachitikira ku Maputo mu 1999. Malawi inalengeza kuti ilibenso malo okayikitsa mu 2008, Zambia mu 2009. Kumbali ya Zambia mabomba sanali m'mizere yaitali ngati a ku Mukumbura, m'malire a Zimbabwe ndi Mozambique. Anali omwazikana m'malo amene munali misasa ya omenyera ufulu ndi m'njira zodutsa zigawenga, choncho ofufuza ankayamba akhala pansi ndi mafumu, alenje ndi abusa a ng'ombe, kufunsa kumene anthu amaopa kuponda ndi kumene chiweto chinaphulikirapo. Makina ankabwera pambuyo pa mawu a anthuwo. Mozambique inalengeza kuti yamaliza pa 17 Seputembala 2015, bungwe la HALO Trust lokha litachotsa mabomba oposa 171,000. Kumalire a Zimbabwe ntchito idakalipo.

Masiku ano makina a mtunduwu akafika kudera ngati la Mlolo amakhala abwerera zina. Okumba mijigo amakhomera zitsulo pansi, n'kudutsitsa magetsi m'nthaka kuti aone pamene thanthwe linafumbwa kapena kung'aluka, pakuti m'ming'alu imeneyo ndimo mumakhala madzi. Makinawo saona madzi enieniwo, amangoyeza mmene nthaka ikukanira magetsi, ndipo n'chifukwa chake mjigo wina umatuluka wouma ngakhale anayeza. Ku Malawi ndege za kafukufuku wa Kauniuni zinauluka chapansipansi kuyeza maginito a miyala ya dziko lonse, ndipo zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015. Ku Vubwi, boma limene linadulidwa kuchoka ku Chadiza, ndi ku Petauke, anyamata ali pa ntchito yofuna golide, ndipo ena mwa ofuna golide m'Zambia muno amanyamula zidzukulu za chida cha Kosacki, zogulidwa ndi ndalama zosonkha kapena zobwereka kwa wogula golideyo, amene amatengako gawo la chilichonse chimene chapezeka.