Kulingana: Chiyambi cha Liuli ndi Phunziro la ku Mulanje

Aroma akale anali ndi liu lakuti aequilibrium, lochokera ku mau aŵiri: aequus, ndiko kunena chofanana, ndi libra, sikelo ya mbale ziŵiri. Libra yomweyo ndiyo inabala chizindikiro cha lb, chimene alembi a m'minda ya tiyi ankalemba poŵerenga mapaundi a masamba othyoledwa. Makolo athu nawonso ganizoli anali nalo, ndipo analisunga m'liu lakuti kulingana.

Tsinde lake ndi -linga, kuyesa chinthu pochiika pafupi ndi chinzake. Mlingo ndi kulinganiza zinaphuka pomwepo. Mphatikira wa -ana umasonyeza kuchitirana, monga m'mau akuti kukondana ndi kuthandizana. Tsono kulingana ndiko kuyesana kwa zinthu ziŵiri kufikira palibe chopambana chinzake. Popeza -lingana amamvekanso m'Chiswahili ndi m'Chizulu, n'zoonekeratu kuti liuli ndi choloŵa chakale cha zinenero za Chibantu, ndipo silinadze ndi Azungu.

Aristotle, m'buku lachisanu la Nicomachean Ethics, anaphunzitsa kuti chilungamo ndi mlingo woyenera pakati pa anthu. Thomas Aquinas anatsindika kuti chilungamo chimayang'ana munthu wina nthaŵi zonse. Zimene anzeruwo anafotokoza m'mitu yambiri, chinenero chathu chinazinena ndi -ana: munthu salingana payekha.

Mbiri ya Mulanje ikutionetsa zimene zimachitika mlingo ukapotozedwa. Tiyi atayamba kulimidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique anakhazikika pa minda ya atsamunda. Kale kuthangata kunali kuthandizana pa ntchito, lero kwa uyu, maŵa kwa uyo. Eni minda anatenga liulo nalisandutsa thangata, ntchito yokakamiza yolipirira malo okhalapo. Dzina linatsala, koma kuchitirana kunafa. Mbale imodzi ya sikelo inalemera, inayo inalendeŵera m'mwamba. Dandaulo limeneli linali m'gulu la zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ndipo thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Mneneri Amosi anadzudzula amalonda onyenga osauka ndi miyeso yabodza, ndipo buku la Miyambo likutcha sikelo yonyenga chonyansa pamaso pa Mulungu. Wansembe wolalika mau ameneŵa kunsi kwa phiri la Mulanje sasoŵa chitsanzo chakutali. Afunse akhristu ake, olemba ntchito ndi olembedwa omwe, ngati thukuta ndi malipiro zikulingana.