MABWANA AKURU A PA BWANA MKUBWA



Munthu akamalowa mu Ndola kucokera ku Kapiri Mposhi amapitirira malo ochedwa Bwana Mkubwa. Mau awa ndi a Ciswahili, ndiko kuti "bwana wamkuru," ndipo ambiri amati linali dzina limene anthu anapatsa Mzungu wa Boma amene anali kulamulira dera la Ndola masiku akale. Mgodi wa pamenepa watsegulidwa ndi kutsekedwa kangapo, ndipo wakhala m'manja mwa mabwana a mitima yosiyana-siyana. Tsono lero tiyeni tione m'mene akuru amenewa anatsogolera nchito, pakuti nsima ya wa nchito imacokera m'maganizo a amene ali pamwamba pace.

Mkuwa wa pa Bwana Mkubwa sunayambe kudziwika ndi Azungu ai. Anthu a dziko lino la Alamba anali kuukumba kale, ndipo maenje ao akale ndiwo amene William Collier anafikapo m'caka ca 1902. Caka comweco Collier anaombera cirembwe m'mbali mwa mtsinje wa Luanshya, napeza mwala wa mkuwa pamene nyamayo inagwera. Ndico cace mgodi wa kumeneko unachedwa Roan Antelope, dzina la cirembwe m'Cingerezi.

Bwana woyamba amene tiyenera kumuchula ndiye Edmund Davis, munthu wa malonda amene anali kukhala ku London. Luso lace linali la kukopa anthu a cuma kuti aike ndarama zao m'makampani ace. Njanji inafika pa Bwana Mkubwa mu 1909, ndipo mu 1913 mgodi unayamba kuturutsa mkuwa. Koma panali bvuto limodzi. Mwala wobiriwira wa pamwamba, umene unali wokongola m'maso, unalibe mkuwa wocuruka monga wa ku Katanga, ndiponso unali wobvuta kuyenga. Kampani inayesa njira iyi ndi iyo, niononga ndarama zambiri, koma phindu silinaoneke. Apa tiona utsogoleri wa munthu wodziwa kusonkhanitsa ndarama ndi kulonjeza zabwino, pamene cinsinsi ca mwala weni-weniwo cinali cisanadziwike.

Waciwiri ndiye Alfred Chester Beatty, wobadwira ku America, amene anaphunzira nchito ya migodi nailowa yekha pansi ali mnyamata. Iye anali ndi khalidwe la kusankha akatswiri, kuwapatsa ndarama zogwirira nchito, ndi kumvera zimene apeza. Anatumiza katswiri wa miyala Russell Parker ku Roan Antelope, ndipo mu 1926 zinadziwika kuti pansi pa mwala wobiriwira uja pali mwala wina wosakanizika ndi sulufule. M'matani 100 a mwala umenewu munali matani 3 kapena 4 okha a mkuwa, koma unali wocuruka kosaneneka, ndipo unali wosabvuta kuupera ndi kuuyandamitsa m'thovu kuti mkuwa upatuke. Cuma ca dziko lino cinali pansi, pamene ena anali kucifuna pamwamba. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Cina cimene Beatty anacita ndi ici. Pa Luanshya anthu anali kufa kwambiri ndi malungo ndi kamwazi, kotero kuti mbiri inamveka m'midzi yakuti mu mtsinjemo muli cinjoka cimene cikudya anthu, ndipo a nchito anali kuthawa. Beatty anaitana Sir Malcolm Watson, dotolo wodziwa za udzudzu, ndipo pofika 1930 anayamba kuongola mtsinje ndi kuumitsa madambo. Imfa zinacepa, anthu nayamba kukhazikika. Tisanene kuti cinali cifundo cokha. Iye anawerenga bwino naona kuti mgodi wopanda anthu amoyo suturutsa mkuwa. Koma kuwerenga kotereku kunapulumutsa miyoyo.

Wacitatu ndiye Sir Ernest Oppenheimer wa kampani ya Anglo American ya ku Johannesburg, amene analowa m'dziko lino kudzera pa khomo la Bwana Mkubwa, ataitanidwa ndi Davis. Nzeru yace inali ya kuphatikiza makampani ang'ono kuti akhale cinthu cimodzi colimba. Mu 1931, pamene malonda anagwa pa dziko lonse ndi mtengo wa mkuwa unatsikiratu, kampani ya Bwana Mkubwa inaphatikizidwa ndi ena awiri kupanga Rhokana Corporation. Mgodi wa Bwana Mkubwa unatsekedwa caka comweco, ndipo mphamvu zonse anazipereka ku Nkana, umene unayamba kuturutsa mkuwa mu 1932, ndi kubala mzinda wa Kitwe mu 1936. Kampani inapulumuka. Koma a nchito a pa migodi, amene anali oposa 30,000 mu 1930, anatsala osakwana 7,000 pakutha pa 1932. Otsalawo anabwerera kwao, ena ku Fort Jameson, ena ku Nyasaland, ambiri manja ali m'khosi.

Mabwana onsewa anali kutali. Munthu wakuda sanali kuwaona. Amene anali kumuona ndiye bwana wa komboni, kapitao ndi polisi wa mgodi. Utsogoleri wa pamenepo unali wa kulamula kokha, wopanda kufunsa. Mu 1931 pa Roan Antelope anaika akuru a mitundu kuti akhale pakamwa pa anthu ao, poganiza kuti wa nchito wa mgodi akali munthu wa kumudzi womvera mfumu. Kulakwa kwa maganizo awa kunaoneka mu May 1935, pamene Boma linakweza msonkho mwadzidzidzi. Anthu anakana nchito pa Mufulira, pa Nkana ndi pa Roan Antelope, akuru a mitundu aja analephera kuwaletsa, ndipo pa Luanshya apolisi anaombera anthu 6 nafa. Mu 1940, ataona kuti Azungu a m'migodi acita sitiraka nalandira zimene anafuna, anthu akuda anacitanso yao. Pa Nkana asilikari anaombera, ndipo anafa anthu 17. Mabwana amene anadziwa kufunsa miyala ya pansi pa dziko sanadziwe kufunsa anthu amene anali kuikumba.

Pamenepo kunabuka mtsogoleri wa mtundu wina, wocokera pakati pa a nchito eni ace. Mu 1949 anakhazikitsa bungwe la a nchito akuda a m'migodi, ndipo Lawrence Katilungu wa pa Nkana anakhala mutu wace. Iye analibe ndarama za kampani kapena mfuti za Boma. Mphamvu yace inali kukhulupiridwa ndi anzace. Mu 1952 anatsogolera sitiraka ya masabata 3 mopanda kukhetsa mwazi, ndipo malipiro anakwezedwa. Mu 1953 a nchito anabvota kuti akuru a mitundu aja acotsedwe. Ku mbali ya makampani, Ronald Prain, amene anakhala mkuru wa Rhodesian Selection Trust mu 1950, anazindikira kuti kusungira Azungu okha nchito zonse zapamwamba sikudzakhalitsa. Anakangana ndi bungwe la Azungu kufikira mu 1955, pamene mitundu 24 ya nchito inaperekedwa kwa anthu akuda. Zinali zocepa, koma khomo linatseguka.

Zambia italandira ufulu mu 1964, Dr. Kenneth Kaunda analengeza ku Matero mu 1969 kuti Boma lidzatenga magawo 51 mwa 100 a migodi. Tsopano bwana wamkuru anakhala Boma. Bwana Mkubwa anatsegulidwanso monga dzenje lalikuru lokumbidwa kucokera pamwamba, nagwira nchito mpaka 1984. Mu 1982 migodi yonse inalowa m'kampani imodzi ya ZCCM. Ana a dziko anaphunzitsidwa nakhala mainjiniya ndi mamanijala, ndipo kampani inasamala zipatala, sukulu ndi magulu a mpira. Koma mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndarama za migodi zinapita ku zosowa zina za dziko, ndipo makina okalamba sanalowedwe m'malo. Mkuwa umene unali woposa matani 700,000 pa caka ca m'ma 1970 unatsika kufika pafupi-fupi 250,000 mu 2000, caka cimene migodi yaikuru inagulitsidwa. Mlimi akadya mbeu yace, dzinja limamupeza wopanda cobzala.

Otsiriza pa Bwana Mkubwa anali kampani yaing'ono ya First Quantum Minerals, yotsogoleredwa ndi Philip Pascall. Anagula malowa mu 1996, pamene anthu ambiri anali kuona dzenje ndi milu ya zotsalira cabe. Iwo anaona kuti m'milu imeneyo mukali mkuwa umene akale analephera kuucotsa. Anamanga fakitale yousungunula ndi asidi ndi kuukoka ndi magetsi, ndipo mu 1998 mkuwa unayambanso kuturuka. Milu itacepa, anatenga mwala ku mgodi wa Lonshi tsidya la malire a Congo. Phindu la pamenepa linawathandiza kutsegula Kansanshi ku Solwezi mu 2005. Koma pamene mwala wa ku Congo unaleka kubwera, fakitale ya Bwana Mkubwa inatsekedwa mu 2010, ndipo anthu a Ndola anaonanso cimene makolo ao anaona mu 1931: kampani ikukula kwina, pamene pakhomo pao nchito yatha.

Tsono abale anga, ena mwa inu ndinu akapitao pansi pa mgodi, ena muli ndi sitolo, galaji kapena malole awiri, ndipo muli ndi anthu amene amakuchani bwana. Mbiri iyi ndi yanunso. Funsani odziwa musanataye ndarama, monga Beatty. Yang'anani phindu pamene anzanu atayapo, monga a 1996. Bwezerani gawo la phindu m'nchito. Ndipo mverani dandaulo la wa nchito likali laling'ono, pakuti mutu umodzi susenza denga. Inunso amene mulandira malipiro pa mwezi, kumbukirani kuti mgodi uli wonse uli ndi tsiku lace lotsiriza, ndipo konzeranitu pogwira pena nchito ikalipo.