Manchewe, mudzi wa pamwamba pa Gorodi

Anzanga a mu kalabu, mukamva za Livingstonia ambiri mumangoganiza za Dr Robert Laws ndi yunivesite basi. Koma mukamakwera kuchokera ku Chitimba, musanafike ku mishoni mumadutsa pa Manchewe, mudzi wa m'mphepete mwa phompho. Mbiri yake sinayambe ndi azungu ayi.

Eni mapiri amenewa ndi Aphoka, olankhula Chitumbuka, amene ankadziwika ndi luso losungunula chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu. Angoni atafika kumpoto kuno cha m'ma 1850, nkhondo zawo zinathamangitsira anthu kumalo ovuta kufikako. Mukapita ku mathithi a Manchewe, kumene madzi amagwa mamita oposa 100, akakuonetsani phanga kuseri kwa madziwo. M'menemo ndi mmene anthu ankabisala. Tangoganizani mayi wabereka khanda, akutsika pathanthwe loterera, chomwe chikubisa kulira kwa mwanayo ndi mkokomo wa madzi wokhawo.

Laws anafika pa Khondowe mu 1894, malungo atawazunza amishoni ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Kenako kunabwera sukulu ya Overtoun, nyumba ya Stone House, chipatala cha David Gordon Memorial, madzi a m'mipope ndi magetsi opukusa ndi madzi, zonsezi nkhondo ya 1914 isanayambe. Clements Kadalie, amene anakayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anaphunzira pomwepa. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mabuku amatchula Laws pa tsamba lililonse, koma anthu amene anakumba Gorodi ndi makasu, msewu wa makona 20 uja, mayina awo zii.

Nanga lero anthu akudya chiyani? Minda yake ndi ya pamtsetse, moti kulima kwake n'kwa khasu. Amadzala chimanga, chinangwa, nyemba ndi nthochi, pomwe usipa umakwera kuchokera kunyanja. Ndalama yooneka ili mu khofi, amene alimi a ku Phoka amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee. Koma khofi safuna wopupuluma. Umadzala lero, n'kudikira zaka zitatu kapena zinayi kuti uthyole koyamba. Mnyamata wongomaliza Fomu 4, m'thumba muli mbee, angadikire zimenezo? N'chifukwa chake ena amakafuna ganyu ku migodi ya malasha ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi, ena amagwira kabaza wa njinga yamoto, ena amaperekeza alendo ku mathithi. Ambiri amangolowera ku Mzuzu kapena ku Joni, minda n'kutsala ndi agogo.

Tikapangana ulendo wa kalabu, tidzakwere Gorodi wapansi, titalawira dzuwa lisanatenthe. Aliyense atenge juzi, pamwamba paja mu June kumazizira osati masewera. Ndipo wotiperekeza kuphanga akhale mwana wa pamudzi pomwepo, timulipire ndithu osanenerera.