Gule wa Mizimu: ku Paris ndi pa Mua

Mitundu yambiri ya anthu iri ndi magule amene abvini ace amaimira akufa. Kuno ku cigwa ca Bwanje, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mtakataka, tiri ndi Gule Wamkulu wa Acewa. Ku Ulaya nako kuli gule wa mtundu wa ballet, dzina lace Giselle, amene m'gawo lace laciwiri mumabvina mizimu pa manda. Magule awiriwa ali ndi mbiri yofanana pa cinthu cimodzi: onse anapeza alendo owasamalira. M'nkhani ino tilondola mbiri ya onse awiri, kuti tione zimene mlendo angathe kusunga ndi zimene angasunge eni ace okha.

Giselle ku Opéra

Ballet ndi gule wofotokoza nthano popanda mau. Palibe wolankhula, palibe woimba pakamwa. Nkhani yonse imamveka ndi manja, nkhope ndi mapazi, potsata zoimbira. Giselle anabvinidwa koyamba pa 28 June 1841 mu Paris, m'nyumba yaikulu ya masewero a nyimbo imene Afalansa amati Opéra, imene masiku amenewo inali mu mseu wa Le Peletier. Nthano yace anailemba Théophile Gautier ndi Vernoy de Saint-Georges, atawerenga zimene Heinrich Heine analemba za mizimu ya Wilis. Nyimbo anapeka Adolphe Adam, mapazi anakonza Jean Coralli ndi Jules Perrot, ndipo wobvina ngati Giselle anali Carlotta Grisi wa ku Italy, amene tsiku lomwelo anakwanitsa zaka 22.

Nthanoyo iri motere. Giselle ndi namwali wa kumudzi wokonda kubvina. Albrecht, mwana wa banja laufumu, adzibisa m'zobvala za mlimi namfunsira, cikhalireco ali kale pa ubwenzi ndi mkazi wina wa mtundu wace. Hilarion, mlonda wa nkhalango, aulula cinyengoco, ndipo Giselle acita misala namwalira. Usiku ku manda kutuluka Wilis, ndiyo mizimu ya anamwali amene anafa asanakwatiwe, ndi mfumukazi yao Myrtha. Mwamuna ali yense wosocera m'nkhalangomo amambvinitsa kufikira imfa. Hilarion afa motero. Koma Albrecht apulumuka, pakuti mzimu wa Giselle umteteza kufikira m'banda kuca, pamene mphamvu ya mizimu itha.

Nyengo imeneyo, imene akatswiri a mbiri amati ya Romantic, anthu a ku Ulaya anakonda kopambana nkhani za mizimu ndi za cikondi cosatheka. Kuyambira pa La Sylphide wa 1832, m'mene Marie Taglioni anabvina pa nsonga za zala za kumapazi, abvini aakazi anabvala nsalu zoyera zopepuka, ndipo nyali za gasi zinacepetsedwa kuti ziwale ngati mwezi. Zonsezi anacita kuti woonerera aganize kuti akuona mzimu wosaponda pansi.

Ngakhale Giselle anachuka msanga, eni ace anatopa naye, ndipo citapita caka ca 1868 analeka kumbvina ku Opéra. Amene anamsunga ndi anthu a ku Russia. Ku St Petersburg, Marius Petipa anamkonzanso mu 1884 ndi m'zaka zotsatira, ndipo mapazi ace analembedwa m'mabuku ndi zizindikiro. Mu 1910 gulu la Serge Diaghilev linabwera naye ku Paris, Tamara Karsavina ndi Vaslav Nijinsky akubvina. Motero gule wobadwira ku Paris anabwerera kwao ngati mlendo, ndipo Giselle amene amabvinidwa m'maiko ambiri ndi wocokera m'manja mwa Petipa.

Nyau ndi mishoni pa Mua

Ansembe a White Fathers anamanga pa Mua mu 1902, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, m'dziko la Kacindamoto, mfumu ya Angoni. M'midzi ya Acewa anapeza Nyau ziri ndi mphamvu. Mfumu yokhala ndi mzinda ndiyo inali ndi ufulu wa kubvinitsa gule. Zirombo zinakonzekera ku dambwe, pafupi ndi manda, ndi kutulukira pa bwalo pa nthawi ya maliro, ya kumeta, ya cinamwali ndi ya kulonga ufumu. Cirombo ciri conse cinali ndi nchito yace. Kasiyamaliro, wooneka ngati nyama yaikulu ya nyanga, anaperekeza mzimu wa wakufa. Cadzunda anaimira tate wa zirombo. Njobvu inatuluka pa zinthu zazikulu za ufumu. Amuna anaomba ng'oma, mbalule akutsogolera, ndipo akazi anabvomera nyimbo ndi kuomba m'manja.

Mkangano unabuka cifukwa ca ana. Mishoni inafuna anyamata ku sukulu ndi ku katekisimu. Akuluakulu a mudzi anawafuna ku dambwe, kumene mnyamata analangidwa mwambo kuti akhale munthu wamkulu. Mkristu wolowa Nyau analetsedwa masakramenti, ndipo m'zaka za m'ma 1920 milandu ya mbali ziwirizi inafika ku boma. Ian Linden analongosola nkhondo imeneyi m'buku lace la 1974 lonena za Akatolika ndi Acewa m'Nyasaland. Nyau zinayankha mwa njira yao: zinatenga maina a ku chalichi ndi kuwapatsa zirombo. Kunatuluka Maliya, kunatulukanso Simoni wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa. Mlendo amene anadza kudzathetsa gule anapezeka ali m'kati mwa gule yemweyo.

Zinthu ziwiri zinasintha nkhaniyi. Coyamba, msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, unalimbikitsa ansembe kulemekeza miyambo ya anthu amene akhala pakati pao. Caciwiri, dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr. Banda linaitana Gule Wamkulu ku misonkhano ndi ku zikondwerero za dziko, kotero kuti zirombo zinayamba kubvina pamaso pa makamu a anthu popanda maliro kapena cinamwali.

Kungoni ndi Chamare

Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene anapatsidwa dzina la mfunda lakuti Chisale, anafika m'Malawi mu 1967, ndipo mu 1976 anayambitsa malo a Kungoni pa Mua. Poyamba inali nchito ya kuphunzitsa osema ziboliboli, koma iye anakhala zaka zambiri akufunsa akuluakulu za zirombo, nyimbo zao ndi matanthauzo ace. Pamalopo panamangidwa nyumba yosungiramo zinthu za makolo, imene anaipatsa dzina la Chamare, pokumbukira Bambo Champmartin amene anatumikira pa Mua kale, ndipo anthu anapinda dzina lace motero. M'nyumbamo munasonkhanitsidwa zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, pamodzi ndi zinthu za Angoni ndi Ayao. Panakhalanso gulu la abvini loonetsa magule kwa alendo. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa m'Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi cuma ca anthu onse a pa dziko, ndipo mu 2012 Bambo Boucher anasindikiza buku lace la zirombo. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Pa Mua, mishoni imene inalimbana ndi Nyau ndiyo inadzasanduka nkhokwe ya zigoba zace.

Kusiyana kwace

Pano tiyenera kusamala, pakuti kufanana kwa mbiri ziwirizi kungatisokeretse. Giselle anabadwira pa nsanja. Anampangira anthu ogula tikiti, amene anadziwa bwino lomwe kuti wobvinayo ndi Carlotta Grisi, ndipo dzina lace linalembedwa pa khomo. Palibe maliro amene anadikira guleyo. Cifukwa cace anthu a ku Russia, posunga nyimbo, nthano ndi mapazi, anasunga gule yense wathunthu.

Gule Wamkulu anabadwira nchito. Pa bwalo cirombo ciribe dzina la munthu. Mwambo umati ndi mzimu wocokera kumanda. Akazi oimba sali ongoonerera, pakuti popanda iwo gule sayenda. Cirombo cimatuluka cifukwa pamudzi pagwa kanthu, ndipo nyimbo yace imadzudzula khalidwe limene anthu a pamudzipo akulidziwa. Nyumba ya Chamare inasunga nkhope, dzina ndi tanthauzo, ndipo iyi ndi nchito yoyenera kuithokoza, popeza zigoba zambiri zimaonongeka kapena kusinthika ndi nthawi. Koma kuperekeza mzimu ndi kulanga ana sizipacikika pa khoma. Zimenezi zikhalapo pokhapokha ngati mfumu ya mzinda, anamkungwi ndi oomba ng'oma apitiriza kuzicita ndi kuzisiyira obwera m'mbuyo mwao.

Tsono inu amene mukukonzekera nchito ya uphunzitsi, mukadzapita ndi ana anu ku Mua, musadzakhutire ndi kuwerenga zigoba ndi kuseka maonekedwe ace. Pa cigoba ciri conse mudzafunse mafunso atatu: cinatuluka pa mwambo wanji, cinaimbiridwa nyimbo yotani, ndipo cinalangiza yani? Zina akuluakulu adzakuyankhani, zina adzati nza ku dambwe. Pamenepo muphunzitse ana kulemekeza malire amenewo. Mukadzawasimbira za Giselle, mudzawauze kuti Azungu naonso anabvinitsa mizimu ya akufa, ndipo muwafunse kuti apeze okha kusiyana kwa nsanja ya ku Paris ndi bwalo la kwao.