Mbiri ya kakompyuta ka madola 35: Raspberry Pi ndi Linux

Lero tikambirane mbiri ya kakompyuta kochedwa Raspberry Pi. Ndi kathabwa kamodzi kobiriwira, kukula kwake ngati khadi la ku banki. Pogula kamabwera kopanda sikirini, kopanda kiyibodi, ngakhale kabokosi kokasungiramo. Komabe ndi kompyuta yathunthu, ndipo anakapanga poganizira ana asukulu. Kuti timvetse kumene kanacokera, tiyambire zaka 30 kasanabadwe.

Mu 1981, kampani ya Acorn Computers ya mumzinda wa Cambridge ku England inatulutsa kompyuta yochedwa BBC Micro. Nthawi imeneyo BBC inkakonza mapulogalamu a pa TV ophunzitsa anthu za makompyuta, ndipo makinawa analowa m'masukulu ambiri a ku Britain. Munthu akayatsa, pa sikirini pankangooneka kacizindikiro kophethira, kudikira kuti alembe lamulo m'cinenero ca makompyuta ca BASIC. Conco ana ambiri amene ankangofuna masewera anapezeka ataphunzira kulemba mapulogalamu.

Ku Acorn komweko, akatswiri awiri, Sophie Wilson ndi Steve Furber, anatsogolera nchito yopanga purosesa, imene ili ngati ubongo wa kompyuta, ndipo anaicha ARM. Yoyamba inagwira nchito mu Abril 1985. Kapangidwe kake kanali kosavuta ndipo inkadya magetsi ocepa kwambiri. N'cifukwa cake mafoni ambiri amene tili nawo m'matumba lero amayendera ARM.

Koma purosesa payokha siingacite kanthu. Pamafunika pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, imene pa Cipwitikizi timati sistema operativo. Mbiri ya pulogalamu imeneyi inadzera njira ina. Mu 1983, Richard Stallman wa ku United States analengeza nchito ya GNU, yolemba mapulogalamu amene aliyense angawawerenge, kuwasintha ndi kugawira anzake. Mu Agosto 1991, Linus Torvalds, wophunzira wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, anauza anzake pa intaneti kuti akulemba cimake ca sistema yotereyi. Cimakeco ndico Linux. Mu 1992 anaciika pansi pa cilolezo ca GPL, cimene cimati amene wasintha pulogalamu n'kuigawa ayenera kusiyira ena ufulu womwewo. Kenako mu 1993 Ian Murdock anayambitsa Debian, gulu la anthu odzipereka losonkhanitsa Linux ndi mapulogalamu ena kuti zikhale mtolo umodzi wosavuta kuika m'kompyuta.

Njira ziwirizi zinakumana ku Cambridge. Ca m'ma 2006, Eben Upton, amene ankayang'anira maphunziro a makompyuta pa St John's College, anaona kuti acinyamata ofunsira malo akucepa, ndipo ambiri mwa obwerawo sankadziwa kulemba mapulogalamu ngati ana a nthawi ya BBC Micro. Iye ndi anzake anaganiza kuti vuto linali makina omwewo. Kompyuta ya panyumba inali yodula, yosungira zinthu zofunika za banja lonse, ndipo palibe kholo likanalola mwana kuiyesayesa. Anafuna kompyuta yochipa kwambiri, yoti ikhale ya mwanayo, imene ngakhale ataiwononga pasakhale kulira.

Bungwe lawo, Raspberry Pi Foundation, linalembetsedwa mu 2009 monga bungwe lothandiza anthu. Upton anali atayamba nchito ku kampani ya Broadcom, ndipo anasankha purosesa ya kumeneko yochedwa BCM2835, yokhala ndi ARM mkati. Dzina lakuti Raspberry ndi la cipatso, potsatira makampani akale monga Apple ndi Apricot, ndipo Pi ikucokera ku Python, cinenero cimene ankafuna kuti ana aphunzire. Pa 29 Fevereiro 2012 kakompyutaka kanayamba kugulitsidwa pa madola 35. Anakacha Model B, monga anachulira BBC Micro. Kanali ndi memori ya 256 MB, kankayaka ndi caja ya foni ya mavoti 5, ndipo kankadya mawati osakwana 4. Gulu loyamba linali la timakompyuta 10 000. Ofuna kugula anacuruka mpaka masamba a pa intaneti a ogulitsa anasiya kugwira nchito, ndipo patangotha caka tinali titagulidwa pafupifupi miliyoni imodzi.

Apa m'pamene ufulu wosintha pulogalamu unaonetsa phindu lake. Purosesa ya kakompyutaka inali ya mtundu wakale, ARMv6. Debian anali ndi mitolo iwiri ya ARM. Wina unkagwira koma mocedwa, cifukwa sunkagwiritsa nchito mbali ya purosesa yowerengera masamu a madesimali. Wina wothamanga unkafuna purosesa yatsopano, ARMv7. Anthu awiri odzipereka, Mike Thompson ndi Peter Green, sanadikire cilolezo ca kampani iliyonse. Anatenga mapulogalamu masauzande a Debian n'kuwamanganso kuti agwirizane ndi ARMv6, pogwiritsa nchito timakompyuta tina ta ARM timene Thompson analumikiza kunyumba kwake. Zimene anatulutsa anazicha Raspbian, ndipo pakati pa 2012 bungwe lija linayamba kulimbikitsa anthu kugwiritsa nchito imeneyo. Mu 2020 mtundu wa bungwelo unapatsidwa dzina lakuti Raspberry Pi OS. Pulogalamuyo ikanakhala yotsekedwa, anthu awiriwa sakanatha ngakhale kuona pamene panali vuto.

Cinanso cofunika kwa ife aphunzitsi ndi malo amene Linux amakhala m'kakompyutaka. Amakhala m'kakhadi ka SD, konga kosungira zithunzi m'kamera kapena m'foni. Mwana akasokoneza zonse, mumacotsa kakhadiko, n'kulembamonso sistema, phunziro n'kupitirira. M'mbali mwa kathabwako mulinso timapini, poyamba 26 ndipo kuyambira 2014 tinakhala 40. Pa timapiniti wophunzira angalumikize kagetsi kapena kamota n'kukalamula ndi mizere yocepa ya Python. Amaona ndi maso ake kuti zimene walemba zayatsa getsi.

Zaka zotsatira zinabweretsa zambiri. Mu Novembro 2015 kunatuluka Pi Zero ya madola 5, imene inagawidwa yaulere pacikuto ca magazini ya The MagPi. Mwezi wotsatira, timakompyuta tiwiri tinatumizidwa ku International Space Station kuti tikayendetse mapulogalamu olembedwa ndi ana asukulu.

Tisabise mbali inayo ya mbiriyi. Si zonse za mu Raspberry Pi zimene zili zotseguka: kapulogalamu kamene kamayamba kugwira mukangoyatsa, Linux asanadzuke, kakhala kotsekedwa kuyambira paciyambi. Ndiponso timakompyuta tambiri tinakathera m'mafakitale ndi m'makina a makampani kuposa m'makalasi. Pamene zipangizo zopangira makompyuta zinasowa pa dziko lonse mu 2021 ndi 2022, makampani ndiwo anayamba kupatsidwa, ndipo anthu wamba anavutika kutipeza. Mu 2024 mbali ya malonda ya Raspberry Pi inayamba kugulitsa masheya ku London, ngakhale kuti bungwe la maphunziro lija likadalipo.

Kumene magetsi ndi intaneti zili zovuta, kakompyuta kotere kangayendere batire ndi sola yaing'ono, ndipo pulogalamu yaulere ya Kiwix ingasungemo Wikipedia kuti ana aziwerenga popanda intaneti. Koma anthu a ku Cambridge aja anazindikira kuti kukhala ndi makina sikokwanira, cifukwa acinyamata awo anali nawo kale makompyuta kunyumba. Cimene cinkasowa ndi cilolezo coyesa ndi kulakwitsa. Ngati pasukulu panu kapena panyumba panu pali kompyuta, yaikulu kaya yaing'ono, konzani nthawi yoti mwana akhale patsogolo pake, alembe yekha, alakwitse, kenako akonze inu muli pambali.