Singano Ziwiri ndi Ulusi: Mbiri ya Ntchito ya Kuluka mwa Amai a Mpingo

Mau Oyamba

Abusa anzanga ndi inu nthumwi za Sinodi, pamene tikumbukira njira imene Mulungu watiyendetsamo, chizolowezi chathu ndicho kuwerenga masiteshoni, masukulu ndi zipatala, ndi kutchula maina a amuna amene anazimanga. Kutero nkoyenera. Koma ilipo ntchito ina imene yakhala mu Mpingo kuyambira masiku a amishoni oyamba, imene siipezeka kawirikawiri m'maminitsi a misonkhano yathu, chifukwa eni ake sanali kukhala nao pa misonkhanoyo. Ntchitoyi ndiyo kuluka majuzi, zipewa, masokosi ndi mashawelo. Inafika kwa ife monga phunziro lachilendo la m'kalasi, koma amai a Mpingo anailandira naisandutsa utumiki wa chifundo. M'chaka cha 2024 Mpingo wa CCAP unakwanitsa zaka 100, ndipo nkofunika kuti mbali iyi ya mbiri yathu ilembedwe iwo amene akuidziwa asanathe.

Amishoni Asanafike

Tisaganize kuti manja a makolo athu anali kungokhala. Mau akuti kuluka ndi athu akale. Makolo anali kuluka mphasa, mikeka, madengu, malichero ndi maukonde, ndipo anali kusula nyanda kuchokera ku makungwa a mitengo. Pamene David Livingstone anayenda m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859, anapeza Amang'anja alikulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu zolimba, ndipo ambiri mwa oomba nsaluzo anali amuna. Chimene chinali chachilendo ndicho kutenga ulusi umodzi wautali ndi singano ziwiri, ndi kukolowetsa timfundo mzere pamwamba pa mzere kufikira chituluke chovala chotambasuka ndi chofunda. Ubweya wolukira unalinso wachilendo, pakuti nkhosa zathu za kuno zili ndi ubweya waufupi wosapoteka. Chotero kuyambira pachiyambi ulusi unali chinthu chogula, chochokera kutali, ndipo chimenechi chinaumba mbiri yonse ya ntchitoyi pakati pathu.

Luso Lobwera ndi Amishoni

Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo ya Dutch Reformed Church inayamba ku Mvera mu 1889 ndi Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok. Akazi a amishoni, pamodzi ndi madona osakwatiwa amene anawatsata, anachokera ku maiko ozizira. Ku Scotland makamaka, mtsikana anali kuphunzira kuluka asanadziwe nkuwerenga komwe, ndipo zilumba za Shetland zinatchuka pa dziko lonse ndi zoluka zao. Kwaoko amai anali atayamba kale kusonkhana m'mabungwe othandiza ntchito ya Mulungu: bungwe la Woman's Guild la Church of Scotland linakhazikitsidwa mu 1887. Mabungwe otere ndiwo anali kutumiza mabokosi a nsalu, singano ndi ulusi ku masiteshoni.

M'zaka za m'ma 1890 Dona Martha Murray anayamba kusunga ndi kuphunzitsa atsikana ku Mvera, ndipo nyumba za atsikana zinafalikira ku masiteshoni ena. M'nyumba zimenezi atsikana anali kuphunzira Mau a Mulungu, kuwerenga, kusoka, kuluka, kuchapa ndi kulera ana. Pambuyo pake Boma nalonso linatsata njira yomweyo: pa sukulu ya Jeanes ku Domasi, imene inatsegulidwa mu 1929, aphunzitsi anali kubwera ndi akazi ao, ndipo akaziwo anali kuphunzira ntchito za pakhomo kuti akaphunzitse anzao kumidzi.

Pano tiyenera kunena zoona. Cholinga cha maphunzirowa chinali kukonza akazi a aphunzitsi ndi a alaliki, ndipo pamene mnyamata anali kupitirira kuti akhale mphunzitsi kapena mbusa, mlongo wake nthawi zambiri anali kulekezera pa singano. Atsikana ambiri anzeru anatsekeredwa khomo mwa njira imeneyi, ndipo Mpingo unataya mphatso zao. Koma chodabwitsa nchakuti amai anatenga kanthu kakang'ono kamene anapatsidwako, nachita nako zazikulu zimene aphunzitsi ao sanaziyembekeze.

Mabungwe a Amai

Chigwirizano cha Amai chinakhazikitsidwa m'chigawo cha Nkhoma mu 1940. Ku Blantyre kuli Mvano, ku Livingstonia kuli Umanyano. Ntchito yao yoyamba ndiyo kupemphera, kuphunzira Baibulo ndi kuchitira umboni, komanso kuyendera odwala, okalamba ndi amasiye. Tsono mai wa kwathu sapita kwa wodwala chimanjamanja. Wina anali kunyamula ufa, wina nkhuni, ndipo amene anadziwa kuluka anali kunyamula kachipewa kapena kajuzi. Umo ndimo phunziro la m'kalasi linalowera mu utumiki. Pambuyo pake malo ophunzitsira amai monga Malingunde ndi Chigodi anathandiza kuti lusoli lifike m'mipingo yakutali.

Amaiwa anali ndi zitsanzo zao m'Malembo. M'buku la Eksodo, mutu 35, akazi aluso ndiwo anapota ulusi wa chihema chokomanako. M'buku la Machitidwe, mutu 9, timawerenga za Dorika wa ku Yopa, amene atamwalira akazi amasiye anaimirira pamaso pa Petro alikulira, naonetsa zovala zimene anawasokera. Ulaliki wa Dorika sunalembedwe, koma umboni wake unali pa matupi a anthu. Si zachabe kuti dzina limeneli lapatsidwa kwa atsikana ambiri m'mipingo yathu.

Umphawi unawaphunzitsa nzeru. Singano za m'sitolo zikasowa, anali kunola masipoko a njinga pa mwala, kapena kusema nsungwi ndi kuisalaza. Ulusi ukasowa, anali kutenga juzi lakale lobooka m'zigongono, kulimasula lonse, kutsuka ulusiwo kuti uongoke, kuuyanika, ndi kuukulunga m'mipukutu mwana atatambasula manja. Ambiri sanali kuwerenga mapepala a zitsanzo olembedwa m'Chingerezi. Mai anali kungoyang'ana juzi la mnzake m'tchalitchi, kuwerenga timfundo ndi maso, nakaliluka kunyumba. Muyeso wao unali chikhato cha dzanja. Kachipewa ka khanda kanali kutha madzulo amodzi kapena awiri, koma juzi la munthu wamkulu linali kudya masabata angapo, ndipo nthawi yake inali yobedwa pakati pa munda, chitsime ndi mtondo, kawirikawiri pa kuwala kwa koloboyi.

Ulusi unatsatanso amuna athu ku maulendo ao. Zikwi za anthu zinapita kukagwira ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, kumene chisanu cha June ndi July chimaposa cha kwathu. Abusa Vlok anatsata nkhosa zimenezi ku Salisbury mu 1912, ndipo ntchito yao ndiyo inabala Sinodi ya Harare, imene inalowa mu CCAP mu 1965. Wobwerera kwao anali kunyamula mipukutu ya ulusi m'sutikesi monga mphatso ya mkazi wake, ndipo amai amene anakhalako kumeneko anabwera ndi mitundu yatsopano ya kalukidwe. Chotero luso linali kuoloka malire monga momwe Mpingo unali kuolokera.

Masiku a Othawa Nkhondo

Mundilole kuti ndichitire umboni chimene ndinachiona ndi maso anga. Kuyambira mu 1986 abale athu a ku Mozambique anayamba kulowa m'Malawi mwaunyinji pothawa nkhondo, ndipo pofika mu 1992, chaka chimene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome, chiwerengero chao chinali pafupifupi 1,000,000. Ambiri anakhala ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza. Kwathu ndi kumapiri a Dedza, kufupi ndi malire, ndipo amene anagonako mwezi wa July amadziwa mphepo yake. Anthuwa anafika ndi zovala za pathupi zokha. Mabungwe akuluakulu anabweretsa ufa, nyemba ndi mabulangete, koma ana ang'onoang'ono anali kutsokomola usiku wonse.

M'nyumba mwathu munali juzi lalikulu lofiirira limene bambo anabwera nalo kuchokera ku migodi. Iwo anali atamwalira, ndipo ine, pokhala mnyamata wa ku sekondale, ndinali nditaliwerengera kale kuti ndi langa. Tsiku lina pobwera ku tchuthi ndinapeza mai alikulimasula, dzanja limodzi litatha kale. Ndinakwiya, ndipo ndinayankhula mau amene ndimachita nao manyazi kufikira lero. Mai sanakweze mau. Anati, “Mwanawe, juzi ili likhoza kufunditsa iwe wekha, koma mulinso ana anai m'menemu. Tambasula manja undigwirire ulusi.” Ndinatambasula ndili chikwiyire. Patapita masabata atatu, pa tsiku la Sabata, ndinaona timajuzi tinai tofiirira titakhala pa mphasa kutsogolo kwa tchalitchi, pakati pa ana a alendo aja. Maphunziro a zaumulungu amene ndinalandira pambuyo pake anandipatsa mau ofotokozera chimene ndinaonacho, koma sanaonjezepo kanthu pa phunzirolo.

Mai anga sanali okha. Amai a gulu lao anali kusonkha tambala zao kugula ulusi, ndipo palibe mlembi amene anawerenga zovala zimene zinatuluka m'manja mwao. Anachitanso chimodzimodzi pamene matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, anadzaza midzi ndi ana amasiye, ndiponso pamene napolo anakokolola midzi ya ku Phalombe mu 1991. Akuluakulu anati kupatsa nkuika, ndipo amaiwa anaika chuma chao pamene njenjete sizifika.

Kusintha kwa Nthawi

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kaunjika anadzaza misika yathu. Juzi la pa mulu linatsika mtengo kuposa ulusi wolukira juzi lomwelo, ndipo kwa osauka chimenechi chinali thandizo lenileni limene sitiyenera kulinyoza. Koma zotsatira zake nzakuti atsikana analeka kuphunzira, ndipo m'mipingo yambiri odziwa kuluka atsala agogo okha, amene maso ao alikuchita chidima. Luso la manja silikhala m'buku. Likadumpha mbadwo umodzi latha, monga momwe kuomba nsalu kwa Amang'anja kunathera pamene nsalu za m'sitolo zinachuluka.

Wina angafunse kuti, ngati kaunjika alipo, tidandauliranji? Yankho lili m'zipinda za amai oyembekezera. Lipoti limene bungwe la World Health Organization linatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena mu 2012 linaonetsa kuti m'Malawi ana 18 mwa 100 ali onse anali kubadwa masiku asanakwane, chiwerengero choposa cha maiko ena onse pa nthawiyo. Khanda lotere lilibe mafuta okwanira m'thupi, ndipo limataya kutentha msanga, makamaka kumutu. Njira ya kangaroo, yoika khanda pachifuwa cha mai wake khungu kukhudza khungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo inafika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Pa njira imeneyi khanda limafunika kachipewa ndi timasokosi, ndipo kachipewa kokwana mutu wa mwana wosafika makilogalamu 2 sikapezeka wamba pa mulu wa kaunjika. Kayenera kulukidwa.

Kwa zaka zambiri amai a mipingo ya ku Scotland ndi maiko ena akhala alikutumiza tizipewa totere ku zipatala za kuno, ndipo tiwathokoza ndi mtima wonse. Koma Mpingo umene uli ndi zipatala zake ku Nkhoma, ku Mulanje, ku Ekwendeni, ku Embangweni ndi ku Livingstonia, ndiponso amai zikwizikwi ovala yunifomu, suyenera kudikira sitima ya pamadzi kuti ufunditse mutu wa khanda lake. Pamene namondwe Freddy anaononga chigawo cha kummwera mu March 2023, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, tinakumbutsidwanso kuti woyamba kufika pa tsoka ndi mnansi, ndipo amafika ndi chimene chili m'manja mwake.

Mau Otsiriza

Chifukwa chake ndiika pamaso panu zinthu zitatu. Choyamba, mbusa ali yense akhale pansi ndi amai okalamba a mpingo wake, alembe maina a iwo amene anaphunzitsa anzao ndi nkhani za ntchito yao, ndipo zolembazo zisungidwe pamodzi ndi mabuku a mpingo. Chachiwiri, mabwalo a akulu a mpingo aike ndalama ya ulusi ndi singano m'ndondomeko ya chuma cha chaka, pakuti kwa nthawi yaitali amai alipira okha utumiki umene uli wa Mpingo wonse. Chachitatu, achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, apatsidwe mpata wokhala pa mapazi a agogo ao ndi kuphunzira. Mnyamata asachite manyazi, pakuti makolo ake aamuna ndiwo anali kuomba nsalu m'chigwa cha Shire.

Amai amene tawakumbukira pano ambiri anagona kale, ndipo zovala zimene analuka zinatha. Koma alipo pakati pathu lero abusa, aphunzitsi ndi anamwino amene anapyola chisanu chao choyamba atavala ntchito ya manja ao. Mulungu amene anaona zimene alembi athu sanalembe atipatse chisomo chakuti titole singano pamene iwo anazisiya.